Kulangiza kasitomala poika ndalama zake: ndondomeko ya mlangizi wa zachuma

Munthu akalowa mu ofesi n'kunena kuti, "Ndili ndi kangachepe, ndikaike pati kuti kapindule?" pakamwa pa mlangizi pamayabwa kuti atchule msanga chimene kampani yake ikugulitsa mwezi umenewo. Dziletseni. Funso limeneli lilibe yankho mpaka mutadziwa tsiku limene mwini ndalamazo adzazifune. Malangizo awa ndalembera anzanga ogwira ntchito m'mabanki, m'ma SACCO, m'makampani a inshuwalansi ndi m'makampani oyendetsa chuma cha anthu, makamaka amene angoyamba kumene kukhala pampando wolangiza.

Gawo loyamba: dziwani malire a chilolezo chanu

M'Malawi muno kulangiza anthu za masheya ndi kuyendetsa chuma chawo si ntchito ya aliyense wovala taye. Malamulo a mu 2010, Financial Services Act ndi Securities Act, amafuna kuti wochita zimenezi akhale ndi chilolezo chochokera kwa Registrar of Financial Institutions, udindo umene uli m'manja mwa gavanala wa Reserve Bank of Malawi. Funsani abwana anu kuti chilolezo cha kampani yanu chikulolani kunena ziti ndi kugulitsa ziti. Ngati ndinu ejenti wa inshuwalansi, musadzisandutse katswiri wa masheya. Kasitomala wofuna masheya m'tumizeni kwa stockbroker wovomerezeka, amene ntchito yake ndi kugulira ndi kugulitsira anthu masheya.

Konzaninso mapepala amene Financial Crimes Act ya mu 2017 imafuna: chiphaso cha unzika, umboni wa komwe munthu amakhala, ndi umboni wa komwe ndalama zachokera. Funso la komwe ndalama zachokera limakhumudwitsa anthu ambiri, makamaka achikulire, chifukwa amaona ngati mukuwaganizira kuti aba. Auzeni poyambirira kuti lamulo limatero kwa aliyense, ngakhale kwa nduna.

Gawo lachiwiri: pa tsiku loyamba musagulitse kanthu

Tsiku loyamba ndi lomvetsera. Kabuku kotsatsa malonda kasiyeni m'dirowa. Perekani moni mokwanira, funsani za kunyumba, ndipo munthu wamkulu muzimuti bambo kapena mayi ngakhale atabwera atavala patapata. Alimi a fodya ndi amayi a geni amabwera ndi ndalama zoposa za anthu ambiri a masuti, ndipo amazindikira msanga akamanyozeka. Yankhulani m'chinenero chimene kasitomala wayamba nacho. Ena amavomera ndi mutu mukamawalankhula Chingerezi, koma atuluka asanamve ngakhale theka la zimene mwanena.

Mafunso ofunika si ambiri, koma amafuna kudekha. Ndalama zimalowa liti m'nyumbamo, ndipo zimachokera kuti? Wolandira malipiro a pamwezi amasiyana kutali ndi mlimi wa ku Kasungu amene amaona ndalama zake pakamodzi akagulitsa fodya ku Chinkhoma kapena ku Kanengo, kenako n'kukhala miyezi yambiri osalandira kanthu. Zimatuluka liti? Fizi imafunika katatu pachaka, feteleza amafunika mvula isanagwe, ndipo mu Januwale ndi Febuluwale chimanga chimakhala chitakwera mtengo pomwe achibale akumudzi akuimba foni kuti nkhokwe zatha.

Kenako funsani kuti akudya m'thumba limeneli ndi angati. Musafunse za ana obereka okha. Pali ana a mchemwali wake amene anamwalira, pali mayi ake okalamba, pali mlamu amene ali ku koleji. Munthu sangakuuzeni zimenezi mukamufunsa kuti, "Muli ndi ngongole?" chifukwa kwa iye imeneyi si ngongole, ndi udindo. Koma pa masamu anu ndi ndalama zotuluka ndithu, ndipo maliro akagwa ndi iyeyo amene adzagule bokosi ndi kulipira galimoto.

Funso lina limene alangizi achinyamata amaliiwala ndi lakuti: ndani winanso ali ndi mawu pa ndalama zimenezi? Mwina ndi za banja lonse, zochokera pa munda umene anagulitsa. Mwina ndi za gulu la banki m'khonde ndipo wabwerayo ndi msungichuma chabe. Mwina mayi wa kunyumba sakudziwa n'komwe kuti bambo abwera kuno. Mukapanda kudziwa zimenezi mudzakonza dongosolo labwino la zaka zisanu, koma pakangotha miyezi itatu lidzaphwasuka chifukwa malume alamula kuti ndalama zibwere.

Za kulimba mtima kwa kasitomala pa nkhani yoluza, musadalire fomu yochonga yokha. Aliyense amachonga kuti ndi wolimba mtima zinthu zikamayenda bwino. M'malo mwake mufunseni ndi manambala: "Bambo, mutaika K5 miliyoni lero, chaka chamawa n'kupeza yatsika kufika pa K4 miliyoni, mungatani? Mungadikire, kapena mudzafuna muchotse yotsalayo?" Yang'anani nkhope yake pamene akuyankha. Mufunseninso ngati anayamba waluzapo ndalama kwinakwake, ndi zimene anachita zitatero.

Gawo lachitatu: ndalama iliyonse ilembedwe tsiku lake

Apa ndiye pagona ntchito yonse. Tengani pepala, mugawe ndalama za kasitomala potengera nthawi imene zidzafunike, iye akuona.

Mulu woyamba ndi wa zadzidzidzi ndi za chaka chino: matenda, maliro, fizi ya teremu ikubwerayi, feteleza, lendi. Ndalama zimenezi ntchito yake si kupindula, koma kupezeka tsiku limene zafunika. Kwa wapantchito, zokwanira kuyendetsa nyumba miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi ndi poyambira pabwino. Kwa mlimi kapena wabizinezi ya nyengo, ziyenera kumufikitsa pa nyengo ina yokolola.

Mulu wachiwiri ndi wa zinthu zimene zili ndi tsiku lodziwika m'zaka ziwiri mpaka zisanu zikubwerazi: mwana wolowa ku yunivesite, malata a nyumba, galimoto ya bizinezi. Mulu wachitatu ndi wa ndalama zimene mwiniwake angathe kuziiwala zaka zoposa zisanu, monga za ukalamba.

Mukagawa chonchi mudzaona kuti anthu ambiri amene amabwera akufuna masheya alibe n'komwe mulu wachitatu. Tiyerekeze mphunzitsi amene wapuma ntchito ndipo walandira K20 miliyoni pakamodzi. Nyumba yake sinathe, ana awiri ali ku sekondale, ndipo amamwa mankhwala a shuga mwezi ndi mwezi. Mukachotsa zonsezi, mwina yotsala yoti n'kuiiwala ndi K4 miliyoni yokha. Imeneyo ndiyo mungakambirane za masheya. Mlangizi amene angaike K20 miliyoni yonse pa msika wa masheya chifukwa choti chaka chatha unakwera, wamuika mphunzitsiyo pa chiswe, ngakhale msikawo utakweranso.

Gawo lachinayi: thanani ndi ngongole kaye

Funsani mosapita m'mbali za ngongole zonse: ya kubanki, yodula pa malipiro, ya ku SACCO, ya pafoni, ya ku banki m'khonde, ndi ya katapila. Ya katapila anthu amabisa, choncho ifunseni pomaliza ndiponso mopanda kuweruza. Munthu amene akulipira chiwongoladzanja cha 35 peresenti pachaka pa ngongole, palibe chifukwa choti aike ndalama pamalo pomupatsa 20 peresenti. Abweze ngongole, ndiye phindu lake loyamba limenelo. Za katapila, wofuna theka la ndalama pamwamba mwezi ukatha, sitichita kukambirana.

Uphungu umenewu sukubweretserani komishoni. Uperekeni basi. Kasitomala ameneyo adzabweranso ngongole ikatha, ndipo adzabwera ndi mnzake.

Gawo lachisanu: muonetseni masamu a kukwera mitengo kwa zinthu

Amalawi ambiri amayeza phindu poona kuti nambala ya mu akaunti yakula. Ntchito yanu ndi kuwaonetsa kuti nambala ikhoza kukula pomwe chuma chikuchepa. Chitani masamuwo papepala, osati pakamwa pokha.

Tiyerekeze kuti mayi aika K10 miliyoni ku fikisidi ya chaka chimodzi pa 20 peresenti. Chiwongoladzanja ndi K2 miliyoni. Msonkho ukadulidwa, tinene 20 peresenti ya chiwongoladzanjacho, chitsala K1.6 miliyoni, ndipo m'manja alandira K11.6 miliyoni. Koma ngati mitengo ya zinthu yakwera ndi 30 peresenti m'chaka chimenecho, katundu amene akanagula ndi K10 miliyoni akufuna K13 miliyoni tsopano. Mayiwa abwerera m'mbuyo ndi K1.4 miliyoni ngakhale akumwetulira. Izi si nthano: mu 2024 kukwera mitengo kwa zinthu m'dziko muno kunali pamwamba pa 30 peresenti kwa miyezi yambiri, pomwe chiwongoladzanja chimene Reserve Bank imabwereketsera mabanki chinali pa 26 peresenti.

Onjezanipo nkhani ya kugwa kwa kwacha. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Munthu amene ankasunga K10 miliyoni kuti aitanitse galimoto kunja anagona ali ndi madola pafupifupi 8,470, n'kudzuka ali ndi pafupifupi 5,880. Choncho funsani ngati chimene kasitomala akusungira ndalama mtengo wake umatsatira dola: galimoto, makina, fizi ya kunja, zipangizo zambiri zomangira. Ngati ndi choncho, nthawi zina uphungu wabwino ndi wakuti agule chinthucho msanga, monga malata ndi zitsulo zimene siziwonongeka zikasungidwa bwino, kusiyana n'kusunga makwacha. Simenti ayi, imauma. Ndipo musayerekeze kumulozera kwa osintha ndalama a mumsewu: n'kuphwanya lamulo, ndipo chilolezo chimene chingapite ndi chanu.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: tsopano sankhani poika

Mulu woyamba ukhale mu akaunti yosungira kapena mu unit trust (thumba limene anthu ambiri amaikamo ndalama pamodzi, n'kumayendetsedwa ndi kampani) ya mtundu wa money market, yobwereketsa kwa nthawi yochepa, momwe munthu amatha kutapa pakangopita masiku ochepa. Kangachepe kakhale pa Airtel Money kapena TNM Mpamba ka usiku wa matenda. Muuzeni kasitomala kuti Deposit Insurance Corporation imateteza ndalama zosungitsa kubanki mpaka pa mlingo woikika, koma siteteza masheya kapena unit trust. Ambiri amaganiza kuti chilichonse chogulidwa pa kauntala ya banki n'chotetezedwa chimodzimodzi.

Mulu wachiwiri umayenda bwino ndi zikalata zobwereketsa boma. Ma Treasury bill ndi a masiku 91, 182 ndi 364. Munthu amagula pa mtengo wotsika n'kudzalandira mtengo wathunthu tsiku likakwana. Ma Treasury note ndi a zaka ziwiri kupita m'tsogolo mpaka khumi, ndipo amalipira chiwongoladzanja m'kati mwa nthawiyo. Luso lake ndi kugwirizanitsa tsiku lokhwima ndi tsiku lofunika ndalama. Ngati fizi ikufunika mu Seputembala, chikalata chikhwime mu Ogasiti, osati mu Okutobala. Wokhala ndi ndalama zochulukirapo m'gawireni kuti zina zizikhwima miyezi itatu iliyonse, kuti asamakakamizike kugulitsa chikalata chisanakhwime, pomwe amadulidwa.

Pewani mawu akuti kubwereketsa boma kulibe chiopsezo chilichonse. Chiopsezo chake n'chochepa poyerekeza ndi zina, koma chilipo. Ku Ghana, kuyambira mu Disembala 2022, boma linasinthitsa zikalata za ngongole zake za m'dziko momwemo, ndipo amene anali nazo analandira zatsopano za chiwongoladzanja chotsika ndi nthawi yotalikirapo. Simukunena izi kuti muopseze munthu, koma kuti asaike zonse pamodzi.

Mulu wachitatu ndiwo wa masheya, penshoni yowonjezera ndi malo. Malawi Stock Exchange ili ku Blantyre, ndipo inayamba kugulitsa masheya mu 1996 pomwe NICO inakhala kampani yoyamba kulowa pa msikawu. Ndi msika waung'ono. Mu 2024 makampani ake anali 16, monga Illovo, Airtel Malawi, TNM, Press Corporation, Sunbird, MPICO, ICON Properties ndi mabanki. Kasitomala amayenera kutsekula akaunti yosungira masheya yotchedwa CSD kudzera kwa stockbroker, ndipo masheya ake amasungidwa pa kompyuta m'dzina lake. Onetsetsani kuti nambala ya akaunti yake ya kubanki yalembedwa molondola, chifukwa dividendi, gawo la phindu limene kampani imagawira eni masheya, imadzera kumeneko, ndipo ya anthu ambiri imangokhala osatengedwa chifukwa anasintha akaunti kapena keyala osanena.

Pali zinthu ziwiri za msika wathu zimene muyenera kumuuza munthu asanasaine. Choyamba, kugula n'kosavuta koma kugulitsa kumafuna wogula. Masheya a makampani ena amatha masiku osagulidwa ndi aliyense, ndiye mtengo umene ukuoneka m'nyuzipepala si lonjezo lakuti mawa mupeza ndalama imeneyo. N'chifukwa chake fizi ya teremu yamawa siyenera kukhala m'masheya.

Chachiwiri, ndipo ichi alangizi ambiri sachiona: makampani a pamsikawu ndi olumikizana. Press Corporation ili ndi masheya oposa theka mu National Bank of Malawi, ndiponso gawo lalikulu mu TNM. NICO Holdings ili ndi oposa theka mu NBS Bank. NITL ntchito yake ndi kugula masheya a makampani anzake a pamsika womwewu. Ndiye munthu amene wagula Press Corporation, National Bank, NICO ndi NBS amadziona ngati wamwaza ndalama zake m'malo anayi, chonsecho wagula mabanki awiri omwewo mobwereza. Pitirizani kulondola: mabanki athu amapeza phindu lalikulu pobwereketsa boma, ndipo mathumba a penshoni nawonso amasunga ndalama zambiri m'zikalata za boma ndi m'masheya a mabanki omwewo. Kasitomala wokhala ndi ma Treasury bill, masheya a mabanki ndi penshoni ya kuntchito watsamira kwambiri pa wobwereka mmodzi. Kuona kwanga n'kwakuti munthu wotere mukamamuwonjezera masheya, muyang'anenso makampani amene ndalama zawo zimachokera kwina, monga a shuga, a mafoni kapena a nyumba zochititsa lendi, ndipo mumuuze chifukwa chake.

Amene alibe nthawi kapena ndalama zokwanira kugula makampani angapo, unit trust yosakaniza masheya ndi zikalata za boma imamuyenera. Ndipo kugula pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi kumateteza munthu ku tsoka loika zonse pa tsiku limene mitengo inali pamwamba penipeni.

Za penshoni, lamulo limati olemba ntchito azipereka 10 peresenti ndipo wantchito 5 peresenti ya malipiro, ndipo pamwamba pa zimenezi bwana amayenera kugulira antchito ake inshuwalansi ya moyo. Muuzeni kasitomala akatenge sitetimenti ku kampani yosunga penshoni yake, aone ngati ndalama zimene zimadulidwa zikufikadi. Mabwana ena amadula koma osatumiza.

Malo ndi nyumba Amalawi amazikonda, ndipo sakulakwa. Musalimbane nazo pofuna kuti ndalama zibwere kwa inu. Thandizani kuti agule mwanzeru: akafufuze umwini ku unduna wa zamalo kapena ku khonsolo asanapereke ndalama, chifukwa puloti imodzi imagulitsidwa kwa anthu atatu. Mukumbutseninso kuti nyumba yosatha sibweretsa lendi, ndipo puloti sungaidule kachidutswa kuti ulipire chipatala. Chimodzimodzi banki m'khonde ndi SACCO: musazinyoze. Zimaphunzitsa anthu kusunga, ndipo kwa ambiri ndi komwe mpamba unachokera. Ingofunsani kuti ndalama zochuluka bwanji zili kumeneko, ndipo zingatani mamembala awiri atathawa ndi ngongole.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: nenani zimene inu mupezepo

Musadikire kuti afunse. "Mayi, mukaika ndalama muno kampani yathu imadula zakutizakuti pachaka, ndipo ine ndimalandirapo komishoni. Mukachotsa chaka chisanathe mudzadulidwa mwakuti." Tchulani m'makwacha, osati m'maperesenti okha, 2 peresenti imamveka yochepa mpaka munthu atamva kuti pa K10 miliyoni ndi K200,000 chaka chilichonse. Tchulaninso msonkho wa MRA umene umadulidwa pa chiwongoladzanja ndi pa dividendi, motsatira mlingo wa chaka chimenecho, popeza bajeti ya boma imatha kuusintha. Ngati pali njira ina yabwino kwa iye imene kampani yanu sigulitsa, itchuleni.

Gawo lachisanu ndi chitatu: lembani, ndipo iye abwereze

Zimene mwagwirizana zilembedwe pa tsamba limodzi kapena awiri: cholinga cha mulu uliwonse, komwe waikidwa, tsiku lokhwima, zodulidwa, ndi choipa chimene chingachitike. Ngati kasitomala amawerenga bwino Chichewa kapena Chitumbuka kuposa Chingerezi, m'lembereni chidule m'chinenero chimenecho. Asanasaine, m'pempheni akufotokozereni m'mawu akeake zimene wamva. Akanena kuti, "Ndiye kuti chaka chamawa ndidzalandira zakutizakuti motsimikiza," pomwe mwamugulira masheya, dziwani kuti simunamvane, yambiraninso. M'patseni mpata akagone nalo pepalalo, akakambirane ndi akunyumba.

Ndalama zisadzere m'manja mwanu kapena pa nambala yanu ya foni, ngakhale kasitomala atakukakamizani kuti akukhulupirirani. Zipite ku akaunti ya kampani, ndipo alandire lisiti.

Gawo lachisanu ndi chinayi: musasowe akasaina

Dandaulo lalikulu la anthu pa alangizi ndi lakuti amaimba foni tsiku ndi tsiku ndalama zisanalowe, zikalowa n'kuzimiririka. Gwirizanani pa tsiku loyamba kuti muzikumana kangati. Kawiri pachaka n'kokwanira kwa ambiri, ndipo kwa mlimi nthawi yabwino ndi atangogulitsa mbewu ndiponso asanagule zipangizo za ulimi. Chikalata chikatsala sabata ziwiri kuti chikhwime, muimbireni. Musachibwezeretse nokha poganiza kuti sakuzifuna ndalamazo.

Pa kukumana kulikonse yambani ndi za moyo wake, osati za msika. Kodi ntchito ilipobe? Kwabadwa mwana? Kuli matenda? Zinthu zimenezi ndizo zimasuntha masiku amene munalemba pa milu ija, ndipo masiku akasuntha, poika ndalama pamayenera kusinthanso.

Zinthu zikaipa, imbani ndinu woyamba. Masheya akatsika, kapena kwacha ikagwa, kasitomala asamve pa wailesi kapena pa gulu la WhatsApp inu muli chete. Nenani chimene chachitika, chimene chakhudza ndalama zake m'makwacha, ndi chimene mukuona kuti achite, ngakhale chitakhala choti asachite kanthu. Tulutsani pepala lija mumukumbutse kuti ndalama za fizi ndi za matenda sizili m'masheya. Munthu amene akudziwa kuti za mawa zilipo sathamangira kugulitsa pa mtengo wogwa.

Nthawi ya chisangalalo ndi yovutanso. Msika ukakwera kwambiri, monga unachitira mu 2023 ndi 2024, makasitomala amabwera akufuna kugulitsa nyumba kapena kutenga ngongole kuti agule masheya, chifukwa mnzawo wa kutchalitchi wapindula. Apa mlangizi amayenera kukhala wozizira kuposa kasitomala wake. Ngati masheya akula mpaka kupitirira gawo limene munagwirizana, gulitsaniko ena mubwezere ku milu inayo.

Gawo lakhumi: phunzirani kukana

Tsiku lina kasitomala wanu adzabwera ndi foni m'manja kukuonetsani kampani ya pa intaneti yolonjeza 30 peresenti pamwezi, ndipo adzafuna achotse zonse kuti akaike kumeneko. Musamuseke, chifukwa akachita manyazi adzapita mwakachetechete. Chitani naye masamu: K1 miliyoni yokula ndi 30 peresenti mwezi uliwonse imapitirira K23 miliyoni pakatha chaka chimodzi chokha. Ndi bizinezi yanji padziko lapansi imene imabala chonchi, ndipo eni ake akufuniranji ndalama za iyeyo? Kenako funsani mafunso atatu: kodi ali ndi chilolezo cha Reserve Bank, phindu likuchokera pa malonda anji, ndipo n'chifukwa chiyani amalipira munthu akabweretsa anzake? Akale anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Oyamba kulowa amalandiradi, ndipo ndi iwowo amene amakopa abale awo ndi mtima woona.

Akaumirira, ndalama ndi zake. Lembani kuti munamuchenjeza, asaine, ndipo yesetsani kuti mulu woyamba usakhudzidwe.

Gawo lakhumi ndi chimodzi: chinsinsi, banja ndi imfa

Dziko lathu ndi laling'ono. Kasitomala wanu mwina mumapemphera naye limodzi, kapena mkazi wake anaphunzira ndi mlongo wanu. Za ndalama zake zisatuluke pakamwa panu, ngakhale kwa mwamuna kapena mkazi wake, pokhapokha mwiniwake atalemba chilolezo. Wachibale akabwera kudzafunsa kuti, "Kodi achimwene ali ndi zingati kuno?" yankho ndi laulemu koma limodzi: zimenezo akafunse eni ake.

Komabe limbikitsani kasitomala kuti pakhale munthu mmodzi wodziwa komwe chuma chili. Nkhani ya imfa ndi yovuta kuiyamba, ndipo ena amaona ngati mukuwalodza. Iyambeni ndi ana: "Bambo, Mulungu atakuitanani lero, ana awa adziwa kuti kuno kuli ndalama zawo?" Onani fomu ya olandira penshoni ndi inshuwalansi, zambiri zinalembedwa munthu asanakwatire, ndipo zikadali ndi dzina la malemu mayi ake kapena la mkazi amene anasiyana naye kalekale. M'tumizeni kwa loya akalembe wilo. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu, koma popanda wilo banja limatha miyezi kapena zaka likuyendera maofesi pomwe ana akhala pakhomo osapita kusukulu.

Makasitomala okhala kunja, ku Joni, ku Cape Town kapena ku UK, amafuna chisamaliro chapadera. Ambiri anapsa kale potumiza ndalama kwa achibale kuti awamangire nyumba, n'kudzapeza maziko okha. Chilichonse chikhale m'dzina lawo, sitetimenti izipita kwa iwo eni, ndipo lamulo lochotsa ndalama lisamachokere pa uthenga wa WhatsApp wokha. Imbani pa nambala imene munalemba pa tsiku loyamba mumve mawu awo. Afotokozereninso za akaunti za ndalama zakunja zimene mabanki a kuno amatsekulira Amalawi okhala kunja, kuti asasinthe randi kapena mapaundi awo onse kukhala makwacha pomwe chimene akufuna kudzagula mtengo wake umatsatira dola.

Pakabuka dandaulo

Kasitomala akakwiya, m'khazikeni pansi, mumve mpaka amalize, ndipo lembani dandaulo lake m'buku la kampani tsiku lomwelo. Muuzeni tsiku limene adzalandire yankho, ndipo likafika muimbireni ngakhale nkhaniyo isanathe. Ngati cholakwa chili mbali ya kampani, chipititseni kwa akuluakulu msanga m'malo mochikwirira. Muuzeninso poyera kuti akapanda kukhutira ali ndi ufulu wokadandaula ku ofesi ya Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank, ndipo m'patseni makope a mapepala onse amene anasaina kuti apite nawo.